Ndowa ya a Arlo

Kunyumba kwa a Arlo Haapala tsiku Lachisanu silinkafuna kalendala. Munthu ankalidziwa ndi mphuno. Dzuwa likangopendeka, akazi awo, a Verna, ankatereka chiwaya pamoto n'kuyamba kugubuduza minofu ya nsomba ya perch mu ufa wothira tsabola. Fungo lake linkatulukira m'ming'alu ya chitseko, kuwoloka msewu, n'kukagwira pamphuno mlongo wa a Verna, a Delbert, munthu amene analibe mkazi, analibenso manyazi.

"Odi kuno! Ndangobwera kudzabwereka fosholo," ankatero a Delbert, kwinaku akuvula kale nsapato pakhomo.

"Fosholoyo ili m'chiwaya muno eti?" a Verna ankayankha osacheuka. "Khalani pansi, achimwene. Tsiku lina mudzabwereka ndi mano omwe."

Zinkatero chaka ndi chaka. Nsombazo zinkachokera m'damu la Sorley, kuseri kwa nyumba yawo, kumpoto kwa dera la Wisconsin, kumene chisanu chikafika madzi amaundana mpaka galimoto kumayenda pamwamba pake ngati pamsewu. Nyengo imeneyo pa damupo pankamera mudzi wa tinyumba ta matabwa, utsi wa timbaula uli tolotolo, aliyense atakhalira ndowa pambali pa bowo lake, kandodo ka mbedza kali m'manja. Perch si nsomba yoti munthu n'kudzitama nayo. Ndi yachikasu, ya mizere yakuda m'nthiti, ndipo ikakula kwambiri imangopitirira pang'ono chikhatho cha munthu wamkulu. Koma ikavuulidwa pansi pa ayezi nyama yake imakhala yoyera ndi yotsekemera, moti a Verna ankati nsomba zina zonse Mulungu anazilenga poyeserera chabe.

Awiriwa anakumana pomwepo, pa ayezi, ali achinyamata. A Arlo anaboola bowo lawo pafupi ndi la mtsikanayo, ati kuti amuphunzitse kuwedza. Pofika madzulo wophunzira anali ndi mulu wa nsomba, mphunzitsi ali ndi chimfine chokha. Nkhani imeneyi a Delbert sankatopa nayo, ndipo ankaithira mchere watsopano Lachisanu lililonse.

Koma a Arlo anali ndi kachilakolako kamene perch sinkatha kukapha. Ankakonda bass, nsomba ya msana wonga mkuwa, imene ikakodwa imalimbana ngati mbuzi yokana chingwe: kudumpha m'mwamba, kupukusa mutu, kuthawira pansi pa bwato. M'damu la Sorley munalibe bass ngakhale imodzi, choncho chilimwe chilichonse ankayendetsa galimoto mtunda wautali kukaifuna kunyanja zina, n'kubwerako atapsa ndi dzuwa, akudandaula za msewu.

"Perch ndi ndiwo, koma bass ndi ndewu," ankatero. "Mwamuna amafuna zonse ziwiri pakhomo pake."

Masana ena a chilimwe, a Delbert akutchetcha kapinga, anaona galimoto ya alamu awo ikubwera pang'onopang'ono ngati yanyamula mazira. Sinaime pakhomo. Inalambalala nyumba n'kulunjika kudooko. A Delbert anasiya ntchito n'kulondola, ndipo anapeza a Arlo akutsitsa ndowa yawo yachitsulo, yovundikira ndi chiguduli chonyowa. M'kati mwake munkamveka khapakhapa.

"Alamu, muli chiyani umo?"

"Madzi."

"Madzi a masiku ano ali ndi michira?"

A Arlo anaseka n'kuvundukula. Munali bass zing'onozing'ono zowerengeka, zosakwana n'kudzaza mbale yomwe, zikuzungulira mokwiya.

"Musatero, alamu," anatero a Delbert, nthabwala zonse zitawathera. "Lamulo limakana, ndipo amene analiika sanali ataledzera. Iyi ndi mimbulu ya m'madzi. Ikaswana idzadya chiyani?"

"Nkhanu zili mbwee m'miyalamu. Taonani kukula kwa damuli, taonaninso tinsombati. Kuli ngati kuthira supuni ya mchere m'chitsime."

A Verna anali atatsika kuchokera kunyumba, akupukuta manja pa nsalu. Anasuzumira m'ndowamo, kenaka anayang'ana amuna awo.

"Bambo, ngati zakukomerani, bwerani nazo kukhitchini, ufa ulipo. Koma zikalowa umo, mudzazitulutsa ndi chiyani?"

"Inu ndi mlongo wanuyu munayamwa mantha bere limodzi," anayankha a Arlo mwachikondi. "Mudzandithokoza, mayi."

Anapendeketsa ndowa ija, khuthu! Tinsomba tinati balala n'kuzimirira pansi pa miyala. Madzi anachita timizere tozungulira, kenaka anakhala bata ngati palibe chachitika. Madzi ndi otero, salankhula tsiku lomwelo.

Zaka zoyambirira a Arlo ankayenda ngati munthu amene watulukira mgodi kuseri kwa nyumba yake. Bass zinaswana m'magombe a miyala, zinanenepa, ndipo mbiri yake inakoka anthu a m'mizinda ndi mabwato awo onyezimira. Tsono owedza bass ali ndi mwambo wawo: nsombayi saidya. Akaigwira amajambulitsa nayo, ena amaipsompsona pamphumi, n'kuibwezera m'madzi kuti ikakule, mawa idzalimbanenso ndi wina. Pa mwambo umenewu a Arlo anali ngati mkulu wa mpingo. Choncho perch zinkadyedwa kawiri, ndi anthu pamwamba ndi bass pansi, pamene bass panalibe wozikhudza.

Kenaka chisanu chinayamba kukhala chete. Poyamba anthu anakondwa, poti m'mabowo munkatuluka perch zikuluzikulu zokhazokha, zopanda tija tating'ono tosowetsa mtendere pa nyambo. Sanazindikire kuti mudzi wopanda ana ndi manda amene akungodikira. Zikuluzikuluzo zitatha, panalibe zolowa m'malo. Munthu ankatha tsiku lonse akuyang'ana bowo, bowo nalonso likumuyang'ana.

Lachisanu lina a Delbert analowa osatchula za fosholo. Anali ndi bass yokulunga m'nyuzipepala. Anaiika pa thabwa lodulirapo la mlongo wawo, anaitumbula, n'kufinya chifu chake ndi nsonga ya mpeni. Munatuluka tiana ta perch, tina timizere take tikuonekabe.

"Onani, alamu. Ndiwo zanu za zaka zikubwerazi ndi izi."

A Arlo anayang'ana nthawi yaitali, ndipo anathyola khosi.

A Delbert sanakanene kwa aliyense. Panalibe chifukwa, poti m'zaka zabwino zija a Arlo anali atadzitama okha kometera tsitsi ndi kumalo omwera mowa kuti bass za m'damu la Sorley zinabwera ndi dzanja lawo. Pakamwa pawo pomwe ndi pamene panawapereka. A boma oona za nsomba anabwera, anawalanda chiphaso chowedzera kwa nyengo zingapo, ndipo anakhoma zikwangwani pamadooko zopempha aliyense wogwira bass kuti asaibwezerenso. Koma chilango chenicheni chinachokera kwa anansi. Anawapatsa dzina loti a Ndowa, ndipo linamata ngati phula. Tinyumba ta pa ayezi tinayamba kusamukira kumadamu ena, kamodzikamodzi, mpaka pa Sorley panatsala chipale chofewa choyera ndi mphepo.

A Verna sananene kuti "ndinakuuzani." Mawu amenewo anawasunga ngati mbale za alendo, zimene zimaonekera m'kabati tsiku lililonse koma sizitsika. Wina akawatchula amuna awo kuti a Ndowa iwo ali pomwepo, ankamuyang'ana mpaka munthuyo kukumbukira kuti ali ndi kopita.

Chiphaso chitabwezedwa, a Arlo anasanduka mdani wa nsomba imene ankaipsompsona. Chilimwe chonse ankakhala m'bwato kuyambira mame asanakamuke, ndipo bass iliyonse yokodwa inkaona mpeni. Firiji inadzaza, ya a Delbert inadzazanso. Khirisimasi ikatha ankayenda khomo ndi khomo kutolera mitengo ya paini imene anthu anakongoletsera nyumba. Ankaimangirira ku njerwa za simenti n'kuiika pa ayezi, kuti ayeziwo akasungunuka mitengo imire, perch zotsala zipeze poikira mazira ndi pobisa ana. A boma akabwera ndi maukonde awo kudzachepetsa bass, woyamba kufika padooko ankakhala iwo. Tsiku lina anafunsa mayi amene ankatsogolera ntchitoyo.

"Mayi, tikalimbikira chonchi, zidzatha liti?"

Mayiyo anavula magolovesi, n'kuwayang'ana mwachifundo. "Bambo, ndikunamizeni? Tikachotsa zikuluzikulu, zing'onozing'ono zimapeza malo ndi chakudya, n'kuswana kuposa kale. Kuchepetsa tingathe, kuti perch zipumeko. Koma kutha, ayi. Zinalowa ndi ndowa, koma sizingatuluke ngakhale ndi sitima."

A Arlo anagwedeza mutu ngati amva, ndipo m'mawa mwake anapalasanso bwato.

Lachisanu silinafe m'nyumba muja, linangosintha fungo. A Verna ankakazinga bass mu ufa womwe uja, m'chiwaya chomwe chija, ndipo a Delbert ankabwerabe kudzabwereka fosholo.

"Nsomba iyi imamveka ngati sokosi yonyowa," ankadandaula, akuwonjezera ina m'mbale.

"Idyani, achimwene, tikuthandiza boma," ankatero a Verna. "Mukamaliza imeneyo, m'damumo mwatsala zochepa."

Atatuwo ankaseka.

Anakalamba chotero, akudya cholakwa chawo Lachisanu lililonse. Ndipo chaka chimene madokotala anapeza chotupa m'mimba mwa a Verna, chisanu chinabwera msanga. Kuchipatala anayesa zimene akanatha, kenaka anawabweza kunyumba ndi mankhwala opha ululu okha, ndipo aliyense anamva tanthauzo lake popanda womasulira. A Arlo anakokera bedi pawindo loyang'ana kudamu. Ankaphika msuzi, phala, mbatata yosinja, koma mbale zinkabwerera monga zinapitira. Munthu amene anadyetsa anthu moyo wake wonse ankangonyambita supuni n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku lina m'mawa, akuyang'ana chipale chimene chinakuta damu, a Verna analankhula ngati akulota.

"Mukudziwa chimene ndikulakalaka? Perch. Ya m'damu mwathumu, ya pansi pa ayezi. Imodzi yokha."

Atacheuka n'kuona nkhope ya amuna awo, anafuna kumeza mawu aja.

"Ndangolankhula, bambo. Pakamwa pa wodwala sipasankha."

Koma a Arlo anali akufunafuna kale nsapato.

A Delbert anayesa njira yachidule. Anapita mumzinda, anagula minofu ya perch m'sitolo, anataya pepala lake kutali, n'kuikazinga okha. Anabwera nayo ali nyadu, akusimba za bowo limene anaboola kuseri kwa chilumba. A Verna analuma kamodzi, anatafuna pang'onopang'ono, n'kuika foloko pansi.

"Iyi yayenda ulendo wautali kuposa umene ndinayendapo ine chibadwire. Achimwene, kuwedza simudziwa, kunamanso simudziwa. Tsono mumadziwa chiyani?"

"Kubwereka fosholo," anayankha a Delbert, n'kutuluka msanga panja ati kukaona galimoto.

Kuyambira pamenepo a Arlo ankapita pa ayezi tsiku lililonse. Ankakoka kangolo kawo kopanda matayala, muli choboolera, nyambo ndi ndowa yokhalira, ndowa yomwe ija yachitsulo, imene tsopano inali itapindikapindika ngati mwini wake. Ankaboola pamene anakumana ndi a Verna, pamene kale pankakhala mudzi, pamene anamiza mitengo. Mapewa ankalira, ndevu zinkaundana. Nthawi zina kandodo kankagwedera, mtima n'kudumpha, koma chotuluka inkakhala bass yaulesi ndi kuzizira, itayasama ngati ikuwaseka. Ankaiponya pachipale n'kutsitsanso mbedza.

"Alamu, khalani pakhomo," anawauza a Delbert tsiku lina. "Munthu uja akufuna inu kuposa nsomba. Masiku akutha, ndipo inu mukuwathera pa bowo."

"Wapempha chinthu chimodzi moyo wake wonse," anayankha a Arlo osadzutsa mutu. "Ndinachichotsa m'damu muno ndine. Ndichibweza ndine."

"Makani omwe aja, angosintha malaya."

Kumtunda, pawindo, a Verna ankaona kadontho kakuda pakati pa chipale choyera, kakusuntha pang'ono, kakuima, kakusunthanso.

Chisanu chinayamba kufooka. Ayezi anada, pamwamba panayamba kukhala timadzi, ndipo m'mphepete munasungunuka moti pokwera pankafunika kuyala thabwa. Anthu anzeru anali atachotsa kale zawo zonse. Tsiku lina a Delbert anatsatira alamu awo, atakoleka chingwe paphewa.

"Sindikubwera kudzakuthandizani ayi," anatero. "Ndikungofuna kuti mukamira ndisavutike kufotokozera mlongo wanga."

Anaboola pamwamba pa mitengo ya zaka zam'mbuyo. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka. A Delbert anali atamaliza khofi yense ndi nkhani zonse. Pamenepo nsonga ya kandodo inagwedera, osati mwaukali, koma mwaulemu, ngati mlendo wogogoda pakhomo pa anthu amene sakuwadziwa bwino. A Arlo anakudziwa kugogoda kumeneko. Anakoka pang'onopang'ono, mpweya ataugwira, ndipo m'bowomo munatuluka chikasu, kenaka mizere yakuda, kenaka zipsepse zofiira ngati makala. Inagwera pa ayezi n'kudzipinda. Inali perch yaikulu, yonenepa mwakuti mimba yake inkachita kulendewera.

Amuna awiri okalambawo anangoti chilili, kuiyang'ana ngati m'bale amene anamulira kalekale.

"Ikhomeni pamutu, alamu, tizipita," anatero a Delbert. "Lero ndi Lachisanu."

A Arlo anaitola ndi manja awiri. Anasisita mimba ija ndi chala chachikulu.

"Ili ndi mazira."

"Ndaona. Ndiye? Mazira sakazingika?"

A Arlo anayang'ana bowo, anayang'ana windo lakutali lija, anayang'ananso nsomba. Chisanu chonse anali atapeza imodzi yokha, ndipo imodziyo inali itanyamula mudzi wonse m'mimba. Kuipha kunawakanika, kuitayanso kunawakanika. Anatembenuza ndowa imene anakhalira, anatunga madzi a m'bowo, n'kuikamo nsombayo yamoyo.

"Ambuye, tichitireni chifundo," anatero a Delbert. "Inu ndi ndowa mpaka liti?"

Anainyamula awiri, wina uku wina uku, madzi akukhavukira m'nsapato, mpaka m'chipinda. Anaiika pampando pambali pa bedi. A Verna anadzuka movutikira, amuna awo atawachirikiza kumsana, n'kusuzumira. Mchira wa nsombayo unkakhudza chitsulo.

"Mwabwera nayo yamoyo kuti ndiiphe ndine?"

"Ndimafuna muione kaye, mayi."

A Verna anamiza zala zawo zowonda m'madzi ozizirawo. Nsomba inazikhudza n'kupitirira.

"Taonani mizere yakeyo. Ndinali nditaiwala kuti zimakongola chonchi. Zaka zonse zija ndinkangozionera mu ufa." Anayang'anitsitsa. "Komatu uyu ndi mayi woyembekezera."

"Chiwaya ndatereka kale," anafuula a Delbert ali kukhitchini.

"Chiteruleni, achimwene, musandipsereze nyumba." Kenaka anatembenukira kwa amuna awo. "Kaibwezeni."

"Mayi, mwailakalaka chisanu chonse."

"Ndikaidya, mwina ikhala m'mimba, mwina ibwerera. Pofika mawa ndidzakhala nditaiwala kukoma kwake. Bambo, ndowa yoyamba munakhuthula ine ndikukana. Iyi kakhuthuleni ine ndikukutumani. Mundimvereko kamodzi ndisanapite."

A Arlo anagwada pambali pa bedi, chipewa chili m'manja. "Imodzi siingabweze kanthu. Damu lija silidzakhalanso monga linalili."

"Ndani wanena zobweza? Zinapita zija zinapita, ndinazilira kale ndikukazinga masokosi a achimwenewa." Anawagwira khutu n'kulikoka pang'ono, monga ankachitira ali achinyamata. "Fulumirani isanafe. Ndipo mukabwerako musapitenso. Ndatopa kukuonerani pawindo. Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati kadontho."

Anabwerera nayo dzuwa lisanalowe, a Delbert atagwira chingwe kumtunda, a Arlo akuyenda mosamala pa ayezi wolira. Pa bowo lomwe lija anagwada n'kupendeketsa ndowa mofatsa, ngati munthu wotsitsa khanda pamphasa. Perch inaima kanthawi pakamwa pa bowo, inapukusa mchira, n'kutsikira mumdima kumene kunali mitengo ndi adani ake.

Madzulo amenewo anakazinga bass ya m'firiji. Inapserera mbali imodzi, poti wophika anali a Arlo. A Verna analumako pang'ono, koyamba pa masiku ambiri.

"Sokosi yonyowa," anatero, "koma lero mwaiwamba bwino."

A Arlo sanapitenso pa ayezi. Anakhala pambali pa bedi, kuwapesa tsitsi, kuwanyowetsa milomo, kumvetsera a Delbert akusimbanso za mphunzitsi amene anawedza chimfine. Masiku amenewo anali okoma, ndipo anali ochepa. Akanachuluka chisanu chonse chija a Arlo akanachithera m'chipindamo, koma zimenezi palibe anazitchula. A Verna anatisiya m'mawa wina kukuwala, ayezi a m'damu akung'ambika ndi phokoso longa la mabingu akutali.

Madzi atatseguka, a Arlo anapalasa bwato kupita pamene anamiza mitengo. Anaweramira m'madzi, atatchinga dzuwa ndi chipewa. Pa nthambi za mtengo umodzi panali patakoledwa mazira a perch, chingwe chachitali chotuwa, chikugwedezeka pang'onopang'ono ngati nsalu yoyanikidwa. Nkhope yawo inawala. Kenaka anaona pansi pake, pamthunzi wa mwala, misana yonga mkuwa itandanda phee, yosafulumira, ngati anthu odziwa kuti chakudya chikubwera. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Pomaliza anatenga mbedza n'kuyambanso ntchito yawo yosatha ija.

Lachisanu lotsatira a Delbert anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Kunalibe fungo lowaitana, koma miyendo inali itazolowera njira.

"Odi. Ndabwera kudzabwereka fosholo."

"Lowani, alamu," anatero a Arlo, akutereka chiwaya cha a Verna pamoto. "Ili m'chiwaya muno."

Anadya awiri, mpando wachitatu uli pamalo pake. Ndowa ija inali pakhonde, yovundikirika, youma.

Damu la Sorley lilipobe. Perch zimapezeka mwa apo ndi apo, zokwanira kukumbutsa munthu zimene zinalipo, zosakwanira kubweza mudzi wa pa ayezi. A Arlo sanali munthu woipa. Anangokonda chinthu, n'kupendeketsa dzanja masana amodzi a chilimwe anzawo akuwaletsa, ndipo moyo wawo wonse wotsala anautha akutolera ndi manja awiri zimene anakhuthula ndi dzanja limodzi. Anakhululukidwa ndi amene anali woyenera kuwakhululukira, koma damu silidziwa kukhululuka, ndipo masiku amene anathera pa bowo palibe anawabwezera. Akuluakulu anaona zotere kalekale pamene anati: madzi akatayika saoleka.